Kaseti ya Mphenzi Zisanu pa Ukwati wa Esinati

LOLEMBA

Woyamba kundiuza ndi Che Jafali, eni golosale ya pa Thambani pano, aja ogulitsa sopo, palafini ndi mabatire. Ndangotsamiritsa njinga pakhonde pawo kuti ndigule machesi, iwo ngakhale moni: "Madala, anyamata anu aja atulutsa chimbale chatsopano. Pepani kwambiri."

Pepani ya chiyani? Wamwalira ndani?

Anyamata angawo ndi a Mphenzi Zisanu. Ndilembe bwinobwino, poti kope ili ndi langa ndipo muno mulibe wondidula pakamwa. Ine sukulu sindinaipondeko, tizilemboti ndatitolera ku sukulu ya kwacha imvi zili kale mbuu. Koma khutu ndinabadwa nalo. Nyimbo ndikaimva kamodzi, yakhala. Munthu wa kuno akafuna kudziwa ngati gitala ikulira kapena ikungosokosa amadzafunsa ine.

Mphenzi Zisanu ndinaziona ndi maso angawa zitabwera kudzaimba pa boma, kalekale, tsitsi lawo lalitali lisanakumane ndi lamulo loletsa. Magitala a magetsi! Chimpeni pa ng'oma, ndodo kuthyoka iye osaleka! Lenadi kutsogolo, mawu ngati nkhunzi yaona inzake kutsidya la dambo! Ine kuvina mpaka chidendene cha nsapato kutsala pabwalo. Mayi a kunyumba kuno anali ndi pakati, ndipo amalumbira mpaka lero kuti mwanayo anavina m'mimba nyimbo yonse osapuma. Mwanayo ndi Esinati, mzime wanga. Loweruka likubwerali akukwatiwa ndi Wilisoni, kalaliki wa pa boma.

Tsono ine ndinalengeza kale pamaso pa ankhoswe a mbali zonse: mwana wanga adzalowa pabwalo la madyerero ndi nyimbo ya Mphenzi Zisanu. Iye amafuna rumba ya ku Zaire ngati anzake. Ndinakana. Analira. Ndinakanabe. Vuto ndi loti mbale zanga zakale zija zinapindika ndi dzuwa, ndipo m'galamafoni nkhuku ikuikiramo mazira. Ndiye chimbale chatsopanochi ndi mvula yobzalira.

Che Jafali aika kaseti mu wailesi yawo ya pashelefu.

Kalanga ine!

Chi-chi-chi-chi-chi! Ng'oma palibe. Pali kenakake kongopetapeta ngati mayi wopeta mpunga alendo atafika kale. Mawu a Lenadi aonda, akuthamanga ngati munthu wotsatira basi yomwe yanyamuka. Ndayang'ana chithunzi cha pa kaseti. Dzina lake ati "Sitinakalambe". Ndawerenga anthu: atatu. Ndawerenganso: atatu. Mphenzi zisanu, madala atatu, ndi kabokosi ka mano oyera ndi akuda. Akuti Chimpeni anapita ku Joni osabwerako, wina analowa ubusa, ndipo kabokosiko ndi kamene kakumenya ng'oma tsopano.

Nyimbo yachitatu ndi ya feteleza ndi chitukuko. Itangoyamba, Che Jafali atembenukira kumsewu, mokweza: "Koma yachitatuyi ndi yabwino zedi!" Nanenso ndatembenukira kumsewu: "Yabwino zedi!" Kumsewuko kuli mbuzi yokha, komabe munthu sudziwa.

Kaseti andipatsa. Akuti ndisavutike kubweza.

Za mawa:
– kubwereka wailesi ya kaseti kwa a Zuze
– kuitana aperekezi ayambe masitepe
– Esinati asaone nkhope yanga

LACHIWIRI

A Zuze amakonza njinga pansi pa mango kuseri kwa msika. Anabwera kuno nkhondo itavuta kwawo kutsidya la malire. Wailesi yawo ndi yomanga ndi mphira ya chubu, kachitseko kake amakagwiriza ndi kamtengo ka machesi. Ndawapeza akutsitsa mabatire anayi padenga la shedi, pomwe amawaotetsa dzuwa. Lililonse alilume kaye ndi mano, kenako alowetse.

"Shamwali, mwabweretsa Mphenzi? Khalani pansi. Vulani chipewa."

Ndati nyimbozi si zovulira chipewa. Iwo angodina batani.

Mayi wanga ine!

Lenadi wabwerera! Nkhunzi ija, koma tsopano nkhunzi yoona zambiri, yolira mosapupuluma. Kabokosi kaja sikakupetanso mpunga, kakusinja, mtondo weniweni: du... du... du. Gitala ikukoka mawu ngati ulimbo. Nyimbo yachiwiri, "Nyamuka Tipite", itangoyamba, chipewa ndavula ndekha osadziwa. Munthu wina wabwera ndi njinga yophulika, nayenso wangoima, njinga m'manja, kuyang'ana kumapiri.

A Zuze akuti ichi ndi chimbale choposa zonse zomwe Mphenzi zinatulutsapo. Ndati nanga Che Jafali? "Jafali khutu lake ndi la pa sikelo, pá. Amamva mchere wokha."

Ndakhala pa tayala nthawi yaitali. Kaseti ndi yomweyi. Khutu ndi lomweli. Dzulo zinyalala, lero uchi. Mwina dzulo ndinali ndi njala? Kodi khutu limayendera m'mimba? Sindinamvepo.

Masana masitepe ayamba pabwalo pathu. Aperekezi asanu ndi mmodzi, owatsogolera ndi Maliya, mwana wa mlongo wanga, amene pakamwa pake ndi mpeni. Ulendo ndi wochokera pa mtengo wa nachesi, kudutsa pa nkhokwe, kukafika pa chisakasa pomwe padzakhale tebulo la akwati. Maliya wamvetsera "Nyamuka Tipite" kawiri n'kukonza sitepe: phazi lamanja, kuima, phewa kugwedeza, phazi lamanzere, kuima. Akuti nyimbo ikamatha, Esinati adzakhala akukoka mpando. Ayesa. Zakwana ndendende!

Esinati wadzandigwadira: "Ababa, ndi yolemekezeka ndithu. Sindimadziwa." Kumwetulira koyamba chilengezereni nkhaniyi.

Ndati mwananga, bambo ako khutu ali nalo.

Mayi ake, ali ndi lichero pakhomo: "Dzulo munabwera nkhope ili ngati mwaluma ndimu."

Ndati kunali fumbi.

LACHITATU

Tsiku la msika. Ndaganiza zofunsa anzanga okonda Mphenzi, mtima ukhale pansi. Pachipata khadi la chipani ndapeza kuti lili m'jekete lina. Kubwerera kunyumba. Kubweranso. Thukuta.

Zomwe anthu anena, ndilembe ndisanaiwale:

– A Kamwendo, aphunzitsi opuma: "Chimbale chozama. Munthu uyenera kuchimva kasanu kuti uchimvetse." Ndati inu mwachimva kangati? Akuti kamodzi, chikudutsa pa njinga ya munthu.
– Mayi wa mandasi: "Nyimbo za pamaliro zokhazokha. Ndikaimva mafuta amazizira."
– Kondakitala wa basi ya ku Blantyre: "Za pamaliro? Mayi, zimene zija n'zothamanga ngati za ana a sukulu pa mpira!" Atsala pang'ono kumenyana ndi chipande.
– Wometa uja wa pansi pa mkuyu: "Mphenzi zinatha tsiku lomwe Chimpeni anakwera sitima. Izi ndi ziphaniphani."
– Wa manachesi: mbali yachiwiri ndiyo yabwino. Ndamufunsa za mbali yoyamba. Akuti wailesi yake inaitafuna asanaimve.
– Mkulu wina wa ku Nthache akuti analira. Mnzake akuti anagona. Wachitatu akuti analira kenako anagona, ndipo sakudziwa ngati uko ndi kuyamikira.
– Onse, aliyense payekha, atayang'ana kaye uku ndi uku: yachitatu ndi yabwino zedi.

Wina akuti yothamanga, wina akuti yokwawa. Anthu awa akumva kaseti imodzi? Kapena ku Blantyre apanga ziwiri, ina ya anthu a m'tauni ina ya ife? Wometa akuti zimatheka, sopo amateronso.

Ndinapita ndi funso limodzi, ndabwerako ndi asanu ndi awiri.

Masana masitepe. Chodabwitsa: nyimbo yakomanso kuposa dzulo! Yazama. Lenadi watsikira pansi penipeni, ngati akuimbira m'chitsime. Pakati pa du ndi du mnzake pali mpata woti munthu n'kusenda nachesi, ndipo mperekezi wina wasendadi. Maliya wawonjezera kutembenuka kamodzi pa sitepe iliyonse kuti adzaze mpatawo.

Ndiye kuti a Kamwendo sananame? Nyimboyi ikupsa ngati masese, tsiku ndi tsiku. Pofika Loweruka idzakhala yotani? Anthu a pa boma adzakomoka.

Koma Che Jafali bwanji? Munthu uja tinavinira limodzi tsiku lija, iye mpaka chisoti kugwa. Sangakhale wogontha chonchi. Mawa ndiwakumanitsa ndi a Zuze, nkhaniyi ithe.

LACHINAYI

Ikanangokhala osatha.

Tadikira Che Jafali amalize swala ya masana. Mawailesi awiri pa kauntala, wawo wonyezimira ndi wa mphira uja. Kaseti imodzi. Ine pakati ngati woweruza.

Mu wa Che Jafali: chi-chi-chi-chi.
Mu wa a Zuze: du... du... du.
Kubwereza. Chimodzimodzi.

A Zuze: "Mwaona? Wailesi yanu ndi ya dyera, ikumeza nyimbo osatafuna."

Che Jafali ayang'ana wailesi ya mphira ija, ayang'ana ine, ayang'ananso wailesi. Kenako atembenuka, atenga mabatire anayi atsopano pashelefu, ang'amba pepala lake, achotsa olumidwa aja, alowetsa atsopano. Adina.

Chi-chi-chi-chi-chi!

Mu wailesi ya a Zuze! Ya mphira yomweyo!

A Zuze alumpha, akoka mabatirewo ngati akuchotsa mwana pamoto: "Mukundiphera wailesi ndi poizoni!" Abwezera awo akale, asenza chipewa, apita osatsazika.

Che Jafali aseka mpaka kugwira thumba la mchere. "Wallahi, madala! Masiku atatu mukuyamikira mabatire otopa! Mphamvu ikachepa kaseti imayenda ngati nkhalamba. Lenadi wanu wa nkhunzi uja kulibe. Ndi dzuwa la padenga la a Zuze."

Ine ndidziwa bwanji? Wailesi yanga ya nkhani mabatire akatopa imangonong'ona, siyitalikitsa mawu a munthu. Galamafoni inde, ukaleka kupukusa imakoka, koma ija umaiona ndi maso kuti yatopa. Iyi ilibe chopukusira. Ikunamiza munthu ili duu.

Ndiye:
1. Chimbale chenicheni ndi choipacho.
2. Chokomacho palibe anachiimba.
3. Nanga ine ndinalirira ndani Lachiwiri?

Ndafunsa Che Jafali funso lachitatulo. Akuti ndifunse a Kamwendo, iwo ndi amene amadziwa zozama.

Pobwerera ndi wailesi ndatsika njinga pa mtsetse, kuyenda pansi, kuganiza. Aperekezi aphunzira masitepe a nyimbo yomwe kulibe. Esinati wakonda nyimbo yomwe kulibe. Ankhoswe a ku boma ndinawauza kuti abwere adzaone zomwe sanaonepo. Pamenepo pokha sindinaname.

Ndauza mayi a kunyumba, monong'ona, kuseri kwa nkhokwe. Ayamba ndi mwambi, monga mwa masiku onse: "Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo." Kenako: "Muuzeni mwana." Ndati ndimuuza. Sindinanene kuti liti.

Nzeru yandibwerera ndikumwa thobwa. Nyimboyo siili mu kaseti, ili m'mabatire anayi aja. Ndikawasunga monga alili mpaka Loweruka, akhale otopa koma osafa, palibe adzadziwe kanthu. Basi! Masitepe a lero ndaletsa. Ndati wailesi ipume. Maliya wandiyang'ana ngati ndaba nkhuku.

LACHISANU

Chiperoni! Kuyambira m'mawa mitambo yatsikira mpaka pa denga, kamvula kowaza, dzuwa osaoneka ngakhale pomwe lili. Tsiku lomwe ndikufuna dzuwa!

A Zuze akwiyabe, koma malangizo apereka: dzuwa la ola limodzi, osapitirira. Likachuluka mabatire amadzuka n'kupita kwa Jafali. Likachepa amafera pakati pa nyimbo.

Malangizo ena omwe sindinapemphe:
– kuwaphika m'madzi (wometa)
– kuwaboola ndi msomali n'kuthiramo madzi a mchere (wa manachesi)
– kuwagundanitsa mitu (kondakitala)
– kugula atsopano (Che Jafali, akuseka)

Pamoto sindingawaike, pazinga amayi a thobwa ndi a nyama, ndipo adzafunsa. Ndiye ndawaika m'khwapa. Awiri uku, awiri uku, jekete pamwamba. Ndikuyenda manja ali phatikizi ngati nkhuku yofungatira. Alendo akufika, moni ndikupereka ndi nsonga za zala. Mlongo wanga, mayi ake a Maliya, wandikokera pambali: "Achimwene, ndi zithupsa? Ndili ndi mankhwala." Ndati ndi ulemu chabe.

Kuyesa mabatire sindingayese. Kuyesako ndi kuwatha. Ndingodziwa mawa pamodzi ndi anthu onse.

Masitepe omaliza ayenera kuchitika, poti Wilisoni wabwera kuchokera ku boma ndipo sanayesepo. Maliya: "Malume, wailesi." Ndati wailesi ndine. Ndakhala pa mpando pafupi ndi nachesi, ndaimba ndi pakamwa, yonse, gitala ndi m'mphuno, ng'oma ndi pachifuwa, du... du... du, pa liwiro la Lachitatu lenileni. Khutu limeneli! Zakwana mpaka pa mpando. Wilisoni miyendo yake ndi ya mu ofesi, akuwerenga ndi milomo, koma wafika.

Mkulu wina wa kuchimuna wafunsa ngati mawa ndidzaimbanso ineyo. Ndati ayi, mawa ndi Mphenzi zenizeni. Mawu amenewa atangotuluka ndawamva kuwawa kwake.

Ndapita kuti ndimuuze Esinati. Ndithu ndapita. Ndapeza ali m'nyumba ndi alangizi, chitseko chotseka, mwamuna salowa. Si mlandu wanga umenewo.

Batire limodzi layamba kutuluka madzi. Malaya athimbirira. M'khwapa mukuyabwa.

LOWERUKA

M'mawa. Dzuwa lawala! Mabatire padenga la nkhokwe, ine pansi pake ndi wotchi ya Wilisoni yobwereka. Ola limodzi ndendende. Ndawaluma onse anayi monga amachitira a Zuze. Dzino lina lagwedera. Zilibe kanthu.

Kutchalitchi zayenda bwino. Onse avomera. Ine sindinamve ulaliki, maganizo ali m'thumba la jekete.

Masana. Ndilembe mofulumira.

Pobwera kutchalitchi tapeza lole yaima pabwalo. Ndi ya a Fulaye, malume ake a Wilisoni, dalaivala wa njira ya ku Tete. Atsitsa chiwailesi chomwe sindinachionepo, masipika awiri aatali ngati ana a sitandade wani, nthambo zake zolumikiza ku batire la lole. Batire la lole! Lomwe limadzutsa galimoto ya matayala khumi!

Aona kawailesi ka mphira patebulo, aseka: "Mwana wathu wa pa boma alowe ndi kameneka? Bweretsani kaseti, apongozi. Lero amva mpaka ku Zobue."

Ndati kamenekako kali ndi mawu ake apadera. Akuti awa ali ndi mawu a anthu khumi. Ndati aperekezi anazolowera. Akuti nyimbo ndi yomweyo, si choncho? Ndatsegula pakamwa. Ndinene chiyani? Kuti chimbale chomwe ndachitamanda pa msika ponse chimakoma mabatire akamafa? Pamaso pa akuchimuna? Ankhoswe athu andigwira pamkono: mphatso ya apongozi sakana, musatichititse manyazi.

Ndapereka kaseti. Ndi manja awiri.

Anthu adzaza mpaka kumunda wa chinangwa. Kutsogolo a tcheyamani a nthambi ya chipani, baji pachifuwa. Che Jafali uko, a Zuze uku, osayang'anana. Pa nachesi aperekezi afola, Maliya patsogolo, Esinati kumbuyo m'chovala choyera, wokongola moti ndaiwala kaye mavuto anga.

A Fulaye adina.

CHI-CHI-CHI-CHI-CHI!

Nkhuku zauluka. Maliya wakweza phazi lamanja, akudikira du. Du kulibe. Phazi lili m'mwamba. Watembenuka kundiyang'ana, phazi lili m'mwambabe. Awiri a kumbuyo kwake aganiza zothamangira nyimbo, amugunda. Awiri otsatira agwiritsa sitepe ya Lachitatu, kuima, phewa, kutembenuka, ngati ali pa ukwati wina. Awiri omaliza angoyamba kuvina zawozawo. Wilisoni watseka maso, akuwerenga mokweza: "Wani! Thuu! Kuima!" Esinati akundiyang'ana kudzera mu velo. Velo silibisa kanthu, ndadziwa lero.

Amayi ena nthungululu. Ena manja pakamwa. Wometa akufuula kuti ananena. A Kamwendo akugwedeza mutu pang'onopang'ono, akuti n'zozama.

Ndipo nyimbo yatha. Pa liwiro lake lenileni ndi kanyimbo kakafupi. Yatha iwo ali pa nkhokwe, theka la ulendo lisanakwane.

Kachetechete pang'ono. Kenako yachitatu.

Ya feteleza.

Dzanja la a Fulaye lapita pa batani kuti aimitse. Pomwepo a tcheyamani aimirira, ayamba kuomba m'manja. Dzanja la a Fulaye lapitirira, lalowa m'thumba. Bwalo lonse laimirira. Kuomba m'manja kwake! Sindinaonepo nyimbo yokondedwa chonchi. Che Jafali akuomba, a Zuze akuomba, ine ndikuomba, m'khwapa mukupsa.

Aperekezi aima, sakudziwa ngati feteleza amamuvina ndi phewa. Esinati wayang'ana uku, wayang'ana uko. Wakweza diresi ndi dzanja limodzi, linalo wagwira Wilisoni amene akuwerengabe, wadutsa pakati pa aperekezi ake, wayenda ngati akupita kuchigayo. Wakhala pa mpando Lenadi akunena za kapu imodzi pa phando.

Mabatire anga ali m'thumba. Otentha bwinobwino. Osagwira ntchito.

LAMULUNGU

M'mawa. Bwalo lili makoko a manachesi okhaokha. Kutchalitchi sindipita, dzino latupa.

Oyamba kufika ndi Che Jafali, kudzatenga mabenchi awo. Ndimayembekeza kusekedwa. Iwo akunyamula benchi uku akuti chi-chi-chi ndi milomo. Andiona, achita manyazi: "Madala, pa masipika aakulu paja si yoipa kwenikweni. Yandilowa. Mukamaliza nayo kaseti ija mundibwezere."

Kenako a Zuze, kudzatenga wailesi. Dzulo ndi pomwe amva nyimbo ziwiri zathunthu pa liwiro lake. "Zinyalala, shamwali. Anthu aja akalamba, pá. Jafali amanena zoona." Ndati Jafali tsopano akuti ndi yabwino. Akuti ndiye Jafali wapenga. Ndawapempha andisiyire wailesi mpaka masana.

Akuchimuna agawikana. A Fulaye akuti kalowedwe kotere ndi kamene kali m'fasho ku Harare. Azakhali a Wilisoni akuti sanaonepo chipongwe chotere. A tcheyamani atumiza mawu oyamikira banja lathu. Maliya sakundilankhula, akuti bondo.

Lole yalira. Esinati wabwera kudzatsazika, wagwada pafupi ndi mpando wanga. Ndati mwananga, ndinafuna kukuuza Lachisanu. Akuti amayi amuuza zonse, za m'khwapa zomwe.

Ndati wakwiya?

"Ababa, munati ndidzalowa ndi Mphenzi, ndalowa nazo. Koma mwana wanga akamadzakwatiwa adzalowa ndi rumba, ndipo inu mudzakhala pa mpando, manja m'thumba."

Ndavomera. Wayesa kulimbitsa nkhope, zamukanika, waseka mpaka kutsamira pa bondo langa, misozi mbwee. Kaya ndi ya kuseka yokha, sindinafunse. Wakwera. Apita.

Ndati tsopano ndimve "Nyamuka Tipite" yanga ija kamodzi kokha, ndekha, mwakachetechete, ndidziwe ngati ndi yabwino kapena ayi, poti anthu adzandifunsa ndipo yankho ndilibe. Ndapisa m'jekete. Mabatire mulibe.

Ndapeza mayi a kunyumba pakhonde, atagwada, manja bii. Awaswa onse anayi ndi mwala, zakuda za m'kati mwake asakaniza ndi dothi, akuzira pomwe alendo anakumba ndi nsapato.

"Anatha kale amenewa. Onani kuwala kwake."

Khonde likuwaladi. Akuti ndisapondepo mpaka liume.

Ndakhala pa mtondo panja, wailesi pamiyendo, ndikudikira.